Kalata Yotseguka kwa Nduna za Zantchito: Werengani Chimene Chimatsala M'manja mwa Mlendo

Olemekezeka nduna zoona za ntchito, inu a mayiko amene anthu amachokako kukasaka ntchito kunja, ndi inunso a mayiko amene amawalandira,

Ndasankha kukulemberani kalata imodzi nonsenu chifukwa mukakhala payekhapayekha mumangolozana zala. Wotumiza amati malamulo a dziko la eni alibe nawo mphamvu. Wolandira amati ngongole imene munthu wabwera nayo anaitenga kwawo, iye sizikumukhudza. Pakati pa mayankho awiriwa pamatsala munthu amene akumanga nyumba zosanja, kuthyola zipatso m'minda, kusambitsa nkhalamba ndi kulera ana a eni. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linawerengera kuti mu 2019 anthu ogwira ntchito kunja kwa mayiko awo analipo pafupifupi 169 miliyoni. Si kagulu kochepa koti nkhani yawo muziikamba choimirira msonkhano utatha.

Dandaulo langa ndi limodzi. Mukamasainirana mapangano otumizirana antchito, maso anu amakhala pa nambala imene yalembedwa pa kontrakiti, ndipo nambala yomweyo ndi imene mumalengeza kwa anthu. Koma akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Malipiro enieni a mlendo ndi ndalama imene yatsala m'manja mwake atabweza ngongole ya ulendo, atamudula za pogona ndi chakudya, atalipiranso kampani yotumizira ndalama kwa abale. Moyo wake weniweni ndi chipinda chimene amagonamo, maola amene amapuma, ndi mwayi woti angathe kuchoka pa bwana amene akumuzunza. Zimenezi ndi zimene ndikukupemphani kuti muyambe kuwerenga, ndipo muziwerenge musanasaine chilichonse.

Masamu ake si achilendo kwa inu. Kampani yaikulu ya mafuta kapena banki ikamatumiza bwana wake kukagwira ntchito dziko lina, imakhala pansi nkuwerengera chilichonse: lendi ya nyumba m'dera labwino, sukulu fizi ya ana, inshuwalansi ya chipatala, matikiti a ndege opitira kwawo patchuthi, msonkho, ngakhale ndalama yomupepesa ngati mzindawo ndi wovuta kukhalamo. Pali makampani amene ntchito yawo ndi imeneyi basi. Kampani ya Mercer yakhala ikutulutsa mndandanda wa mizinda yodula kwa alendo ogwira ntchito, ndipo Luanda wa ku Angola unakhalapo pamwamba kangapo, kuphatikizapo mu 2017, pomwe Hong Kong unatsogola kuyambira 2022 mpaka 2024. Amayerekeza mitengo ya zinthu mazana angapo kuti bwanayo moyo wake usatsike ngakhale pang'ono chifukwa chosamuka. Sindikuwachitira nsanje anthu amenewa, ayenera kusamalidwa. Chimene chikundiwawa ndi chakuti luso lonseli limathera pa iwo okha. Zikafika pa womanga, woyendetsa galimoto kapena mayi wogwira ntchito m'nyumba, palibe amafunsa kuti kodi ndalama imene tamulonjezayi imufikitsa pati mumzinda umene akupitawo.

Kusiyanaku kumaonekanso m'ziwerengero. Lipoti la ILO la mu 2020 linapeza kuti m'mayiko olemera alendo amalandira ndalama zochepa ndi pafupifupi 13 peresenti poyerekeza ndi eni dziko. Ku Cyprus kusiyanako kunafika 42 peresenti, ku Italy 30 peresenti. Koma m'mayiko osauka ndi a chuma chapakati zinthu zinali mosemphana: alendo ankalandira zoposa eni dziko ndi pafupifupi 17 peresenti, chifukwa ambiri a iwo ndi akatswiri aja obwera ndi makampani ndi mabungwe. Ndiye kuti chimene chimagamula malipiro a mlendo nthawi zambiri ndi kumene wachokera ndi kumene walowera, osati thukuta lake lokha.

Ndiyambe ndi ngongole, poti ndi imene imadya munthu asanaponde nkomwe bwalo la ndege. Ajenti amafuna ndalama ya viza, ya kupimidwa kuchipatala, ya tikiti, ya maphunziro a masiku ochepa, ndi ina yopanda dzina imene ilibe lisiti. Munthu alibe ndalamayo, ndiye amagulitsa munda kapena kukatenga katapila. Ku Bangladesh, kafukufuku wa boma wa mu 2020 anapeza kuti wopita kunja amafunika kugwira ntchito pafupifupi chaka ndi theka kuti malipiro ake afanane ndi zimene anawononga pofuna ntchitoyo. Kontrakiti zambiri za ku Gulf (mayiko a Aluya monga Qatar, Kuwait ndi Saudi Arabia) zimakhala za zaka ziwiri. Werengani nokha miyezi imene munthuyo wagwirira ana ake. Ndipo munthu wa ngongole sadandaula. Bwana akachedwetsa malipiro miyezi itatu amangoti kukhosi gwa, chifukwa amadziwa kuti akabwezedwa kwawo lero, munda wapita, wakatapila akumudikira pakhomo.

Lamulo loletsa zimenezi lilipo kale. Pangano la ILO nambala 181 la mu 1997 limati makampani opezera anthu ntchito asalipiritse wantchito. Dziko la Nepal linalamula mu 2015 kuti wopita ku Gulf ndi ku Malaysia viza ndi tikiti azimulipirira ndi bwana, koma anthu akulipirabe mwamseri chifukwa boma la mbali imodzi silingathetse lokha malonda amene mizu yake ili mbali ziwiri. Pamene zinthu zinasinthadi ndi pamene thumba la bwana linakhudzidwa. Mu 2020 dziko la United States linaletsa magolovesi a kampani ya Top Glove ya ku Malaysia kulowa m'dzikomo chifukwa cha zizindikiro za ntchito yokakamiza. Pasanapite nthawi kampaniyo inayamba kubwezera antchito ake ochokera kunja ndalama zimene analipira kwa maajenti, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 2021. Ndalama zobwezera zinapezeka msanga msika utatsekeka. South Korea inasankha njira ina mu 2004: maboma awiri ndiwo amayendetsa kalembedwe ka antchito, ofuna kupita amalemba mayeso a chinenero, ndipo mtengo wa ulendo unatsika kwambiri. Dongosololi lili ndi chilema chake, chifukwa kusintha bwana kumeneko nkovutabe, koma laonetsa kuti ajenti si munthu woti ntchito singayende popanda iye.

Pa nkhani ya malipiro enieniwo, ndikufuna kuyamikira pamene payenera. Qatar, dziko lonse likuiyang'ana chifukwa cha World Cup ya 2022, inakhazikitsa malipiro otsikitsitsa okhudza aliyense posayang'ana dziko limene wachokera. Kuyambira Marichi 2021 ndalamayo ndi mariyali 1,000 pamwezi, kuwonjezerapo 500 ya pogona ndi 300 ya chakudya ngati bwana sapereka zinthuzi. Chinali chinthu chatsopano m'chigawocho. Koma mariyali 1,000 ndi madola pafupifupi 275. Chotsanipo katapila wa mwezi umenewo, mayunitsi oimbira foni kunyumba, sopo, mankhwala, kenako kampani yotumiza ndalama idulepo yake. Chotsalacho ndi chimene chikuyenera kudyetsa banja lonse, pomwe munthu wake akumanga limodzi mwa mayiko olemera kwambiri padziko lapansi.

Ndipo ndalamayo iyenera kufika kaye. United Arab Emirates inayamba mu 2009 kukakamiza makampani kulipira kudzera kubanki kuti boma lizitha kuona amene sanalipire, ndipo Qatar inatsatira mu 2015. Ndi njira yabwino, koma kompyuta imangoona kuti ndalama yalowa mu akaunti. Siona ngati khadi la akauntiyo lili m'thumba mwa mwini wake kapena m'dirowa ya kapitawo pamodzi ndi pasipoti. Siona ovataimu imene sinalembedwe. Siona kontrakiti yachiwiri, ya ndalama zochepa, ya chinenero chimene munthuyo sachidziwa, imene anamusainitsa tsiku lofika atatopa ndi ulendo. Zimenezi zimaoneka ndi munthu woyendera malo a ntchito amene wafika mosayembekezereka, ali ndi womasulira, nkuyankhula ndi antchito bwana palibe. Oyendera otere mwalemba angati?

Tsopano lowani nane m'chipinda chimene anthuwa amagona. Mabedi achitsulo osanjikizana, amuna khumi ndi awiri kapena kuposa. Zovala za kuntchito zapachikidwa pa chingwe chodutsa pamwamba pa mitu, nsapato zafumbi zili mulu pakhomo. Chuma chonse cha munthu chili mu sutikesi pansi pa bedi, ndipo chinsinsi chake chonse ndi kansalu kamene wakoloweka kutchinga pogona pake. Soketi ndi imodzi, mafoni asanu ndi atatu akulimbirana. Wina akufuna kuyankhula ndi mwana wake pa WhatsApp, ndiye watuluka kukakhala pamasitepe chifukwa anzake a shifiti ya m'mawa agona. Basi ibwera kusanache. Pa pepala la malipiro chipinda chimenechi chalembedwa kuti "pogona paulere", kapena choipa kwambiri, chadulidwa pa malipiro ngati lendi.

Zipinda zotere zimapha. Pa 12 Juni 2024, moto unabuka m'bandakucha m'nyumba yosanja ku Mangaf, ku Kuwait, momwe munkagona antchito pafupifupi 200. Anthu pafupifupi 50 anafa, ambiri a iwo ochokera ku India, ndipo ochuluka anafa ndi utsi. Ku Singapore mu 2020, mwa anthu khumi aliwonse opezeka ndi Covid-19, oposa asanu ndi anayi anali alendo ogona m'mahositelo a antchito. Ku Germany chaka chomwecho, antchito oposa 1,500 a fakitale imodzi ya nyama ku Rheda-Wiedenbrück anadwala matendawa, ambiri ochokera ku Romania ndi ku Bulgaria, olembedwa kudzera mwa makontrakitala ang'onoang'ono ndi kugonekedwa mothithikana. Germany inachitapo kanthu: kuyambira Januwale 2021 mafakitale akuluakulu a nyama ayenera kulemba okha anthu opha ndi kudula nyama, osabisala kumbuyo kwa kontrakitala. Singapore nayo inakonza miyezo yatsopano ya mahositelo. Koma kodi pamafunika maliro kapena mliri kuti muone chipinda chimene chakhalapo zaka zonsezi?

Amayi ogwira ntchito m'nyumba za anthu ndiwo ali pamoto kwambiri, chifukwa kuntchito kwawo ndi komwenso amagona, ndipo woyendera salowa m'khitchini mwa munthu. Ku Hong Kong malipiro awo otsikitsitsa anakwera kufika madola a ku Hong Kong 4,990 mu Sepitembala 2024, koma lamulo limawakakamiza kugona m'nyumba ya bwana, ndipo palibe malire a maola. Ena amagona pansi m'chipinda cha ana kapena m'kachipinda kosungiramo katundu. Ntchito ikatha, ali ndi masabata awiri okha kuti apeze ina kapena atuluke m'dzikomo. Lamlungu mukadutsa ku Central, dera la pakati pa mzindawo, mudzawapeza mazanamazana atayala makatoni m'mbali mwa misewu ndi pansi pa milatho, chifukwa tsiku lawo lopuma alibe malo ena oti nkulitchula kwawo. Ku Lebanon malamulo a ntchito sawawerengera nkomwe, ndipo mu 2020, ndalama ya dzikolo itagwa mphamvu, amayi a ku Ethiopia ankangotulidwa ndi zikwama zawo panja pa ofesi ya kazembe wawo ku Beirut, ena osalipidwa miyezi yambiri. Saudi Arabia itafewetsa malamulo osinthira ntchito mu 2021, antchito a m'nyumba anasiyidwa kunja. Pangano la ILO nambala 189 la mu 2011 limanena poyera kuti ntchito ya m'nyumba ndi ntchito ngati ina iliyonse, yoyenera maola odziwika ndi tsiku lopuma. Ambiri a inu olandira simunalivomereze mpaka lero.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Malipiro otsika, chipinda chothithikana ndi ovataimu yobedwa zimakhalitsa chifukwa chilolezo cha munthu chokhalira m'dziko chamangiriridwa pa bwana mmodzi. Ku Gulf amati kafala, ndipo dziko lonse limaloza kumeneko, koma chingwe chomwechi chili m'mayiko ambiri amene amadzitama kuti amalemekeza ufulu. Britain inatsegula viza ya osamalira okalamba ndi odwala mu Febuluwale 2022. Anthu ambiri a ku Africa ndi ku Asia analipira ndalama zambiri kwa maajenti, nkukapeza kuti maola amene analonjezedwa kulibe, ena ntchito yeniyeniyo kulibe. Boma linalanda ziphaso makampani oposa 470 pakati pa Julayi 2022 ndi Disembala 2024, zimene zinakhudza antchito oposa 39,000. Wolakwa anali bwana, koma amene anayamba kuwerenga masiku ndi wantchito, poti lamulo limapatsa munthu masiku 60 kuti apeze bwana wina womuimira. Ndani angakanene bwana wake kuboma akudziwa kuti akatero wadzidulira yekha chilolezo? Mzika ikazunzidwa pantchito imachoka nkukafunsira kwina, ndipo mantha otaya antchito ndi amene amakakamiza mabwana kukweza malipiro ndi kukonza pogona. Mlendo mwamulanda chida chimenechi. Qatar inachotsa mu 2020 lamulo lofuna kalata ya chilolezo cha bwana munthu asanasinthe ntchito, ndipo anthu ambirimbiri anasinthadi, ngakhale mabwana ena amabwezera powanamizira kuti athawa. Chuma cha dzikolo sichinagwe. Mangirirani viza ku mtundu wa ntchito kapena ku dziko, osati ku munthu mmodzi, ndipo wantchito amene wanena bwana wakuba mumupatse nthawi yokwanira ndi ufulu wogwira ntchito kwina mlandu uli mkati.

Ena a inu mumati anthuwa anadzisankhira okha, ndipo zimene amalandira zimaposa zakwawo. Nzoona kuti ambiri amamanga nyumba ndi kuphunzitsa ana ndi ndalama zakunja, ndipo ine sindikupempha kuti mutseke zipata. Kutseka kumangokankhira anthu m'manja mwa ozembetsa. Koma umphawi wa kwawo kwa munthu si chiphaso choti mumulipire theka la mnzake amene waima naye pa makina amodzi. Pangano la ILO nambala 97, la kale mu 1949, linanena kale kuti mlendo wolowa movomerezeka asachitiridwe mochepera mzika pa malipiro, maola ndi pogona. Ndipo inu amene mumadera nkhawa antchito a m'dziko mwanu, dziwani kuti bwana akapeza munthu amene angamulipire zochepa osadandaula, malipiro a mzika nawonso sakwera.

Inu a mayiko otumiza, musaganize kuti mlandu ndi wa anzanu okha. Banki Yaikulu Padziko Lonse inawerengera kuti mu 2023 ndalama zotumizidwa ku mayiko osauka ndi a chuma chapakati zinaposa madola 650 biliyoni, kuposa kutalitali thandizo lonse la mayiko olemera. Ndalama zakunja zimenezi mumazikonda, mumazitchula m'mabajeti, koma anthu amene amazitumiza mumawakumbukira pa nthawi ya chisankho kapena bokosi likatera pabwalo la ndege. Mumapikisana nokhanokha potsitsa mtengo wa anthu anu: dziko lina likakana malipiro otsika, lina limathamanga kukavomera. Philippines inalimba mtima mu 2006 nkunena kuti wogwira ntchito m'nyumba wochokera kwawo asalandire zochepera madola 400 pamwezi, ndipo mu 2022 inatsegula unduna wapadera woona za nzika zogwira ntchito kunja, wokhala ndi maofesi m'mayiko amene anthu ake ali ambiri. Sikuti mavuto awo atha, koma mayi wothawa nkhanza amadziwa khomo loti agogode. Ambiri a inu ofesi ya kazembe ilibe ngakhale munthu mmodzi woona za antchito, ndipo foni yake siyankhidwa usiku. Mapangano amene mumasaina ndi mayiko olandira ambiri ndi achinsinsi. Atulutseni poyera, kuti wopita adziwe chimene boma lake lamuvomerezera.

Palinso kudula kwa potumiza ndalama. Padziko lonse, kutumiza madola 200 kumadya oposa 6 peresenti, ndipo kutumiza ku mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara mu 2023 kunkayandikira 8 peresenti. Pa munthu wolandira madola 275, madola 16 otayika mwezi ndi mwezi ndi thukuta la pafupifupi masiku awiri. Mu 2015 munalonjeza ku United Nations kuti pofika 2030 mtengowu udzatsika kufika pansi pa 3 peresenti. Makiyi ake ali ndi mabanki anu aakulu ndi malamulo anu a ziphaso za makampani otumiza ndalama.

Pangano la United Nations loteteza antchito osamukira kunja ndi mabanja awo linavomerezedwa mu 1990 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2003. Mayiko amene alowamo ndi pafupifupi 60, ochuluka ndi otumiza. Palibe dziko la mu European Union, la ku Gulf, kapena United States limene lalivomereza. Inu amene chuma chanu chatsamira pa manja a alendo, ndinu amene siginecha yanu ikusowa.

Chotsiriza ndi cha munthu amene wabwerera. Wagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu kunja, msana watha, maso afooka, impso zavulala ndi dzuwa. M'mayiko ena ankamudula ndalama ya penshoni mwezi uliwonse, koma sangaitenge chifukwa sanakwanitse zaka zimene lamulo limafuna kapena chifukwa ndalamayo siwoloka malire. M'mayiko ena amayenera kulandira ndalama yotsanzikira pa kutha kwa kontrakiti, koma kampani yatsekedwa, ndipo mlandu sangausumire ali kwawo. Mayiko a ku Ulaya anagwirizana kalekale kuti zaka zimene nzika yagwira m'dziko lina la mgwirizanowo ziziwerengedwa pamodzi pa penshoni, ndiye njira yake ndi yodziwika. Pangano lililonse lotumizirana antchito limene mudzasaine kuyambira tsopano likhale ndi ndime zitatu izi zolembedwa momveka: kuti penshoni ya munthu imutsatira kwawo, kuti pali thumba la boma lolipira malipiro otsalira kampani ikagwa, ndi kuti wobwerera angathe kusuma ndi kupereka umboni ali kwawo kudzera pa intaneti kapena ku ofesi ya kazembe, osafunikanso viza yobwerera kukatsata ndalama yake yomwe.

Ndine wanu,
Mmodzi mwa okhudzidwa ndi moyo wa ogwira ntchito kunja